Ndiwaphikire chiyani agogo pa 15 October? Ndiwo zonse zichokere pakadimba kanga

Nachisale_A25
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Agogo anga aakazi, amene anandilera mayi atatisiya, akubwera kuno ku Lilongwe kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo pa 15 October, Tsiku la Anakubala, adzakhala ali pakhomo panga. Zaka zonsezi ndimangotumiza chitenje ndi kandalama ka sopo. Ulendo uno ndikufuna ndiwaphikire ndi manja anga, ndipo ndafunitsitsa kuti ndiwo zonse zichokere pakadimba kakuseri kwa nyumba, poti khasu anandigwiritsa ndi iwowo.

Zomwe zilipo ndi izi: nkhwani, mpiru, bonongwe womera yekha m'mbali mwa mabedi, therere lobala, matimati, anyezi, karoti, letesi, mbatata yofiira mkati, mapapaya ndi mandimu. Mtedza wa chaka chino ulipo, nkhuku zachikuda zilipo. Ndimaganiza zophika mpunga, nkhuku yootcha mu uvuni, saladi ya letesi ndi karoti, kenako juwisi wa papaya. Koma mtima sukukhazikika. Zaka zawo zapitirira 80, mano atsala ochepa, komanso amamwa mankhwala a BP. Inu mukanaphika chiyani?

Mai_a_Tadala
Letesi ndi karoti wosaphika kwa munthu wa mano ochepa ayi ndithu achemwali. Adzangolawa kuti musakhumudwe, koma adzagona ndi njala. Nkhwani muli nawo, mtedza muli nawo, mukusakanso chiyani?

Ndix_Boy
Ine ndikutsutsa. Agogo nkhwani adya moyo wawo wonse. Akwere minibasi kuchokera ku Dedza kudzadyanso nkhwani m'tauni? Kumudzi mpunga timauona pa Khirisimasi ndi paukwati basi. Agulireni Kilombero weniweni wa ku Karonga, uja amanunkhira mpaka kwa aneba, nkhuku ikazingidwe bwino, Fanta pambali. Tsiku lalikulu limadziwika choncho. Pulani yanu ili bwino sisi, musasinthe.

WaKuMayani
@Ndix_Boy achimwene, mwezi wa October kumudzi nkhwani wongothyola kumene mumaupeza kuti? Minda yauma, mbuzi zili pamtayo, dzuwa likuswa mtengo. Amene alibe dimba kudambo pano akudya mfutso wa m'chikwatu, bonya ndi nyemba. Masamba obiriwira nthawi ino ndi chakudya cha ulemu, musawapeputse.

@Nachisale_A25 nkhwani wotendera ndiye akhale mutu wa nkhani. Muthyole m'mawa dzuwa lisanakwere, masamba anthete ndi nsonga zomwe. Mukaona tiana ta maungu tating'ono kapena maluwa, tengani timodzitimodzi, akuluakulu amakonda kukumana nato m'ndiwo. Musadzule mosafulumira, ulusi wonse uchoke kuyambira kuphesi mpaka m'mitsempha ya tsamba, chifukwa ulusi umenewo ndi umene umavutitsa munthu wopanda mano. Madzi akhale ochepa ndipo ayambe awira musanaponye masamba. Akafota, ikani matimati pamwamba, kenako nsinjiro, vundikirani osatakasa kaye. Nsinjiro zipse ndi nthunzi, ndiye mutakase ndi mthiko mpaka zigwirane. Mukathamangira kutakasa zimamveka fungo la mtedza wosapsa.

Mai_a_Tadala
Nsinjirozo musinje nokha mumtondo. Za m'mapaketi zija simudziwa kuti zakhala nthawi yaitali bwanji pashelefu. Muzisinja pang'onopang'ono n'kumasefa, mukalimbikira musi mtedza umatulutsa mafuta n'kusanduka chiponde.

Namwino_Wopuma
Mwana wanga, poti watchula BP ndiyankhulepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Ndiye dzanja lipepuke. Timakyubu tokometsera supu tija usatiyandikire, timadzaza mchere. Anyezi, matimati akupsa bwino ndi madzi a ndimu pang'ono zimakometsa nkhuku mokwanira.

Chachiwiri ndi soda. Anthu ambiri sadziwa kuti soda wophikira ali ndi sodium, yemweyo amene timamuopa mumchere, komanso amawononga ena mwa mavitamini a m'masamba. Nkhwani wanthete safuna soda.

Chachitatu, mtedzawo uusankhe pa lichero masana kukuwala. Wofota, wosweka, wakuda kapena wa chuku utaye, usapatse ngakhale nkhuku. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo satha ndi kuphika.

Gogo_Nangozo
Soda tinamudziwa mochedwa ife. Tinkatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba, phulusalo n'kuika m'chitini chobowola pansi, n'kuthira madzi kuti azidontha pang'onopang'ono. Chidulo chimenecho therere lake limakoma mosiyana ndi la soda, silimva kuwawa kwa kukhosi kuja. Agogo akowo akachimva pakamwa adzachizindikira.

Namwino_Wopuma
@Gogo_Nangozo zoona amayi, chidulo sichidzaza sodium ngati soda, koma mavitamini nachonso chimawononga. Kwa tsiku limodzi, kadontho m'therere, sindingakangane nanu. Koma osathira m'ndiwo zonse.

Ndix_Boy
Ndiye mwagwirizana kuti agogo adye ndiwo zopanda mchere, zopanda soda, zopanda mafuta, tsiku lachikondwerero? Munthu wafika zaka 80 akudya mmene amadyera, tsiku limodzi silingamuphe.

Namwino_Wopuma
Sindinati zopanda mchere. Ndati dzanja lipepuke. Odwala BP amene ndawasamalira ambiri ankabwera mutu ukuwawa pambuyo pa maphwando omwewa.

Chef_wa_ku_Zomba
Ndilankhulepo za nkhuku, poti ndi ntchito yanga. Nkhuku yachikuda mu uvuni imauma gwa, agogo sangaithe. Uvuni ndi wa nkhuku zachizungu zomwe zimaphedwa zili ndi masabata 6 kapena 7. Yachikuda yathamanga pabwalo miyezi yambiri, mnofu wake ndi wolimba, imafuna madzi ndi nthawi. Sankhani msoti womwe sunayambe kuikira, osati tambala wokalamba. Mukaidula, iikeni mumphika ndi madzi ongofika pamwamba pa nyama, moto wapansipansi pambaula, ora limodzi ndi theka kapena kupitirira, mpaka mnofu uzichoka pafupa mukaugwira ndi zala. Madzi akatsala pang'ono, iwo eni mafuta a nkhukuyo amatuluka, achikasu aja. Kazingirani anyezi m'mafuta omwewo, onjezani matimati osenda, msuzi ugwire. Mafuta a m'botolo mwina simungawafune n'komwe. Karoti wanuyo muduleni timabulungwa mumuponye mumsuzimo apse mpaka kufewa, asatayike.

Che_Mbalame
Musanaiphe muwaonetse agogo ili yamoyo. Kwathu ku Mangochi mlendo wolemekezeka amaigwira kaye nkhuku yake, kenako ipite kumpeni. Ndipo nthutumba isasowe m'mbale mwawo. Nkhuku yopanda nthutumba ndiye kuti mwawapatsa zotsala.

Tiya_265
Nthutumba si ya abambo kodi? Kwathu amayi ankaiikira bambo okha, ife ana aakazi sitinkailawa n'komwe. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake.

Che_Mbalame
Ndi ya amene nkhukuyo yaphedwera. Kungoti m'makomo ambiri amene ankalemekezedwa anali bambo. Apa yaphedwera agogo, ndi yawo.

Tiya_265
Ndiye mwambowo unkatipondereza basi. Amayi ndi amene ankaweta nkhukuzo, kuzipha, kuzisosola, kuziphika, iwo n'kudya khosi ndi zipalapasiro.

Gogo_Nangozo
Ukunena zoona mwana wanga, ambiri tinadya makosi. N'chifukwa chake tsiku limeneli nthutumba ipite kwa mayi. Kutafuna sangathe, koma iikeni ndithu. Adzasankha okha woti amupatse, ndipo kupatsako ndi ulemu wawonso. Iwo adye chiwindi ndi mnofu wa pantchafu.

Nachisale_A25
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Saladi ndaichotsa, uvuni ndausiya. Koma tsopano nsima. Chimanga sindinalime kuno, malo ndi ochepa. Pakhomo timadya mgaiwa chifukwa cha ana. Ndiwaphikire womwewo?

WaKuMayani
Mgaiwa kwa agogo a ku Dedza pa tsiku lawo? Ayi. Akuluakulu ambiri mgaiwa amaukumbukira ndi njala. Mu 2002 kwathu anthu ankagayitsa chilichonse chomwe apeza, ena mpaka kudya madeya, ndipo mayi anga kuyambira pamenepo akaona nsima yoderako amati mwandiphikira ya chaka chija. Ufa woyera ndi umene umaonetsa kuti mwakonzekera mlendo: kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kukagayitsa, kudzayanikanso pamphasa. Ntchito yonseyo munthu amaimva pakamwa.

Mphunzitsi_KK
Komatu tisanamizane, mgaiwa ndi umene uli ndi chakudya. Pokonola timataya gaga ndi kamtima ka chimanga komwe kali ndi mafuta ndi mavitamini, n'kupatsa nkhumba. Ana asukulu timawaphunzitsa magulu 6 a zakudya, kunyumba n'kumakawapatsa nsima yoyera mbee yongokhutitsa. Komanso pokonola chimanga chimachepa kwambiri, thumba limatha msanga.

Mai_a_Tadala
Aphunzitsi, zimenezo n'zoona koma lero si tsiku la phunziro. M'mbalemo muli kale nkhwani, mtedza, nkhuku, karoti. Magulu akwana. Nsima ikhale yomwe mtima wawo umakonda.

WaKuNkhataBay
Inu mukukangana za chimanga, ife agogo athu mukawapatsa nsima ya chimanga amati sanadye. Kondowole ndi usipa wofutsa basi. Aliyense ndi kwawo.

Gogo_Nangozo
Za ufa usavutike nazo. Mayi wachikulire sapita kwa mdzukulu chimanjamanja. Ndikukuuza ine, panopa mphale yaviikidwa kale. Ukagula wa m'sitolo udzawakhumudwitsa, adzati ufa wanga wauona kuipa. Aimbire foni uwafunse mwaulemu.

Joni_Mzansi
Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg misozi ikulengeza. Agogo anga anamwalira ndili kuno, mapepala anali asanakonzeke, maliro ndinaonera pafoni. Ndinkangoti ndikadzapeza bwino ndidzawatengera ku lesitilanti yapamwamba ku Blantyre. Chimene ankandipempha iwo ndikaimba chinali choti ndidzabwere tidzadye futali pakhonde. Panopa ndinadzala maungu m'matayala akale kuseri kwa chipinda chomwe ndimachita lendi, anzanga a ku Zimbabwe amadzathyola nawo, iwo amati muboora. Asisi, chilichonse mungaphike, mudye nawo limodzi, mbale imodzi ngati n'kotheka. Musakhale kukhitchini iwo ali okha patebulo.

Nachisale_A25
@Joni_Mzansi pepani kwambiri achimwene. Mawu anuwa ndawasunga.

Mlimi_wa_Dimba
Funso limodzi lomwe palibe wafunsa: munapopera liti mankhwala? Nyengo yotentha ino nsabwe za m'masamba zimavuta pa mpiru, ndipo matimati amagwidwa ndi kambozi koboola masamba ndi zipatso kaja, Tuta absoluta. Ambiri timapopera lero, mawa n'kuthyola. Botolo lililonse limalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole, werengani pamenepo. Thupi la munthu wachikulire silipirira ngati lathu. Ngati tizilombo tavuta masiku otsalawa, nyikani masamba a nimu osinja m'madzi usiku wonse, sefani, onjezani sopo pang'ono, poperani madzulo. Bonongwe womera yekhayo musamuzule, ameneyo savuta ndi tizilombo kwambiri ndipo amafewa msanga kuposa mpiru. Mpiru wa October umakonda kuwawa ukakula, ine sindingauike pa tsikulo.

Nachisale_A25
Matimati okha ndi amene ndinapopera, ndaona pabotolo, masiku adzakhala atakwana. Masamba ndimangothira phulusa ndi manyowa a nkhuku.

Mlimi_wa_Dimba
Manyowa a nkhuku akhale owolerana, aawisi amatentha mizu. Ndipo masamba muzitsuka bwino musanadule, osati mutadula.

Mai_a_Tadala
Futali amene watchulidwayo ndiye kadzutsa wa tsikulo. Mbatata yanu yofiirayo ndi mtundu wanji?

Nachisale_A25
Anandipatsa mbewu anati ndi Kadyaubwerere.

Mphunzitsi_KK
Imeneyo ndi yabwino. Ili m'gulu la mitundu yomwe inatulutsidwa mu 2011 pamodzi ndi Chipika, Mathuthu, Kaphulira ndi Anaakwanire. Kufiira kwakeko ndi chizindikiro cha vitamini A, wothandiza maso. Chenjezo langa ndi lakuti mbatata zofiira zambiri zimafewa msanga kuposa zoyera zaufa zija, ndiye madzi achepe, apo ayi futali asanduka phala.

Chef_wa_ku_Zomba
Kwa agogo kufewako ndi phindu. Sendani, dulani zikuluzikulu, madzi theka la mbatatazo, kamchere pang'ono. Zikayamba kulowa foloko, nsinjiro pamwamba, vundikirani, moto uchepe. Shuga osathira, mbatatayo imatsekemera yokha. Papaya musamupange juwisi, mungomudula n'kufinyirapo ndimu, adye ndi sipuni.

WaKuChipata
Kuno kwathu ku Chipata chibwabwa timaphika chimodzimodzi, kusiyana kulibe. Koma ine ndikudabwa kuti palibe watchula thobwa. Mlendo wochoka kutali amayamba walandira chikho cha thobwa asanafunsidwe za ulendo.

WaKuMayani
Eya, thobwa! Koma liyambeni msanga. Ngati chimera mulibe, gulani cha mawere pamsika, kumeretsa nokha nthawi yachepa. Phikani phala la mgaiwa uja mumafuna kuphikira nsima, lipse bwino, muliphule lizizireko mpaka chala chizipirira. Ndiye thirani chimera n'kutakasa, muona phala lolimba lija likusungunuka. Mukathira likadali lotentha kwambiri chimera chimafa, silitsekemera. Ligone usiku, m'mawa muliwiritsenso. Ndi kutentha kwa October lisapitirire masiku awiri, limasasa msanga.

Mlaliki_Wamng'ono
Lisagone kwambiri ndithu, lingasanduke zina agogo a Mvano n'kuchimwa osadziwa.

Gogo_Nangozo
Mwanena zambiri zabwino, koma chimodzi ndiwonjezere ine amene ndili pafupi ndi msinkhu umenewo. Ana anga akandiitana m'tauni amandikhazika pasofa, kundiyatsira TV, kundiuza kuti agogo pumulani. Ndimakhala pamenepo tsiku lonse ngati katundu woikiza. Kukhitchini ndikumva akuseka, ine kuno ndekha ndi anthu a pakanema olankhula Chingerezi. Chakudya chimabwera chokoma, koma ndimadya ndi mtima wofuna kubwerera kwathu.

Iwe wati khasu anakugwiritsa ndi iwo. Ndiye m'mawa wa tsikulo uwagwire dzanja upite nawo kudimbako. Aone okha mabedi, agwire dothi, athyole nsonga zomwe akufuna. Uwayalire mphasa pamthunzi pafupi ndi mbaula, uwapatse lichero asadzule nkhwani. Adzakudzudzula kuti wadula mokula, wathira madzi ambiri, mthiko wagwira molakwika. Usakwiye, kudzudzulako ndiye kukondwa kwawo. Pamenepo ndi pamene adzakuuze nkhani za mayi ako zomwe sunazimvepo.

Tiya_265
Koma amayi, tsikuli si loti apume? Agwira ntchito zaka zonsezi, tsiku limodzi lokha tiwagwiritsenso ntchito?

Gogo_Nangozo
Kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni ndiye ntchito. Kusadzula nkhwani uli pamphasa ndi mdzukulu ndi macheza.

Ndix_Boy
Apa ndagonja amayi. Koma mpunga usafe, adzadye tsiku lotsatira.

Namwino_Wopuma
Mankhwala awo a BP asaiwale kumudzi, uwakumbutse ponyamuka. Ndipo kudimbako apite m'mawa, dzuwa la masana mwezi uno limagwetsa anthu achikulire. Madzi akumwa akhale pafupi, okalamba samva ludzu msanga.

Nachisale_A25
Ndabweranso kudzakuuzani mmene zinayendera. @Gogo_Nangozo munalosera, anatsika minibasi ndi kathumba ka ufa woyera, nzama za m'chigoba cha shuga, ndi chikwatu chimodzi cha mfutso wa khwanya. Thobwa anamwa makapu awiri asanavule n'komwe nsapato.

M'mawa wa pa 15 tinadya futali pakhonde, kenako tinalowa m'dimba iwo ali ndi ndodo yawo. Therere analikana, anathyola nsonga ya limodzi ndi chala n'kunena kuti lakhwima, ndilisiye likhale la mbewu. Nkhwani anasankha okha, ndipo anandionetsa kuti ndizitsina nsonga kuti uziyanga nthambi zambiri. Kuseri kwa khola la nkhuku anapeza luni atamera, anasangalala kuposa china chilichonse chomwe ndinadzala ndi manja. Anati timusakanize ndi bonongwe kuti kuwawa kuchepe, ndipo mphika umenewo anaphika okha atakhala pampando waufupi, ine ndikungosonkhezera makala.

Msoti anaugwira, anauyeza m'manja, anati wanenepa. Unapsa monga ananenera a Chef, mafuta a m'botolo sindinathire. Nsima ndinaphika ine ndi ufa wawo, iwo akuyang'ana, anangonena kuti ndiomole mitanda ing'onoing'ono. Tinadyera pamphasa tonse ndi ana. Nthutumba anaitenga, anaiyang'ana, n'kupatsa mwana wanga wamkazi wa zaka 7, amene anamutcha dzina la malemu mayi anga. Nkhwani anadya, nkhuku anadya chiwindi ndi kantchafu, koma mbale yomwe anapukuta ndi ya luni. @Ndix_Boy mpunga tinaphika mawa lake ndi msuzi wotsala, anadya bwino ndithu.

Tsopano akufuna mbewu ya luniyo ndi ya therere apite nazo ku Dedza. Therere ndikudziwa, koma luni ndimatenga bwanji?

Mlimi_wa_Dimba
Siyani mitengo iwiri kapena itatu osathyola nsonga, ichite maluwa. Idzabala timakoko tataliitali. Tikayamba kusanduka tachikasu thyolani tisanasweke tokha, yanikani pa lichero pamthunzi, kenako fikisani ndi manja, njere zake ndi zazing'ono zakuda. Sungani m'botolo louma ndi phulusa pang'ono. Luni wongokolola kumene samera bwino, amafuna agone miyezi ingapo, ndiye ngati agogo akubwerera sabata ino mbewuyo siikhala itakonzeka. Mudzawatumizire ikauma, adzafese pamalo pomwe panali khola.

Joni_Mzansi
Asisi, mukakolola mundisungireko pang'ono. Ndikubwera mu December, ndidzadutsa ku Lilongwe.

Tiya_265
Inenso ndili pamzere. Ndipo @WaKuMayani mundilembere muyeso wa chimera pa ndowa yaing'ono ya phala, apongozi anga akubwera mwezi wamawa.